Foni pa Chikhatho cha Bambo Anga

Dzanja lamanja la bambo anga linayamba kunjenjemera chaka chimene ndinalowa Folomu 2. Poyamba tinkati ndi chisanu, poti kwathu kuno kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, Juni akafika aliyense amanjenjemera. Koma chisanu chinatha, dzuwa la Okutobala linabwera, dzanja lija osaleka. Chodabwitsa chinali chakuti akagwira khasu kudimba kapena akamakumba kachewere, linkakhala bata. Akangokhala pansi kuti apume, chala chachikulu ndi chinzake zinkayamba kutikitana ngati akusankha nyemba zosaoneka.

Bambo ndi amene ankawerenga Mawu a Mulungu kutchalitchi chathu chaching'ono cha m'mudzi. Ansembe amabwera mwa apo ndi apo, ndiye nthawi zambiri mapemphero amatsogoleredwa ndi anthu a konkuno. Bambo anayamba kuwerenga ine ndisanabadwe. Alibe ng'ombe, alibe njinga yamoto, koma akaimirira kutsogolo n'kutsegula buku, ngakhale ana ankasiya phokoso.

Kenaka mawu awo anayamba kutsika. Kayendedwe kanasintha, ankakwakwaza mapazi ngati nsapato zawakulira. Tsiku lina anapunthwa n'kugwa panjira yochokera kudimba, ndipo mwatsoka njira imeneyo imadutsa kuseri kwa nyumba ina kumene amatcheza kachasu. Anthu anaphatikiza zonsezi n'kupeza yankho lawolawo. Ine ndinalimva kusukulu. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anandifunsa pamaso pa anzathu kuti, "Dzulo abambo ako amawerenga kapena amavina?" Ndinaseka nawo, kenaka ndinakalira kuseri kwa laibulale.

Patapita masiku, kunyumba kunabwera atcheyamani a tchalitchi. Anakhala pakhonde, anayamba ndi nkhani ya mvula ndi feteleza, kenaka anati, "Achimwene, bwanji mutapumako kaye pa zowerengazi? Anthu akuyankhula zambiri. Komiti ikhala pansi Khirisimasi isanafike, tidzasankhenso owerenga."

Bambo anangoti, "Ndamva."

Alendo atapita, amayi anakalipa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Bambo anawasiya amalize, ndipo anayankhula motsitsa: "Akanandichotsa chifukwa cha ukalamba, ndikanathokoza. Koma kachasu? Ine wa thobwa ine?"

Ndi amayi amene anawakakamiza kupita kuchipatala. Ine ndinapita nawo chifukwa foni imene achimwene anga anatitumizira kuchokera ku Lilongwe, pakhomo pathu ndinkaidziwa bwino ndine. Tinakumana ndi adokotala aakazi, achitsikana ndithu, oseka msanga. Anawafunsa bambo mafunso ambiri, anawayendetsa m'chipindamo, anapinda ndi kuwongola mkono wawo. Ndiye anatulutsa foni yawo n'kutifotokozera kuti m'kati mwa foni muli kachinthu kamene kamamva kugwedezeka, komweko kamene kamatembenuza chithunzi ukapendeketsa foni. Pali pulogalamu imene imalemba kugwedezekako, ndipo kompyuta imajambula mzere wosonyeza mmene dzanja likunjenjemerera.

"Kompyuta payokha sinena matenda a munthu," anatero. "Koma imaona zimene maso anga angaphonye, ndipo zimene yaona ndimatumiza kwa dokotala wamkulu wa za ubongo ku Lilongwe. Manjenje ali mitundumitundu, abambo. Mankhwala a mtundu wina sathandiza mtundu wina."

Anatambasula foni n'kunena kuti, "Landirani, muiike pachikhatho, dzanja ligone pantchafu." Bambo analandira mwaulemu wonse, adokotala n'kutembenukira ku kompyuta. Ine ndinayang'ananso komweko. Mzere unkayenda mowongoka, kumangogwedera pang'ono apa ndi apo.

Adokotala anakwinya nkhope pang'ono. Anati kayendedwe ka bambo kakuwakayikitsa, koma mzerewo sukugwirizana ndi zimene tawauza. Anaika pulogalamu ija mufoni yathu kuti tizikayeza kunyumba, ndipo ntchitoyo anandipatsa ine.

Tinkayeza Loweruka m'mawa bambo asanapite kudimba. Zoyeza zinalipo zingapo. Foni pachikhatho, dzanja pantchafu. Kenaka kugogoda ndi zala timabwalo tiwiri toonekera pagalasi, mofulumira mmene angathere. Kenaka kuyenda kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe foni ili m'thumba. Chomaliza ndicho chinkatiseketsa: kunena "aaa" motalika mpaka mpweya kutha.

"Ng'ombe ya yani ikulira m'mawa uno?" amayi ankafuula kuchokera kukhitchini.

"Mayi inu, musasokoneze kwaya," bambo ankayankha, nkhope ili gwa. Nkhope yawo inali itasiya kuonetsa kuseka, koma ife tinkadziwa kuti akuseka.

Tikamaliza ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu ya pulayimale, pamene netiweki imagwira, n'kutumiza. Ndisanatumize ndinkayang'ana mzere wa pachikhatho. Kunyumba sunkawongoka ngakhale kamodzi. Unkakwera ndi kutsika ngati mano a sowo. Mumtima ndinkasangalala, ngakhale ndi zinthu zachilendo kusangalalira, chifukwa ndinkati tsopano aona okha.

Koma titabwereranso kuchipatala pamodzi ndi amayi, adokotala anawayezanso bambo ndi foni yawo, mzere n'kutulukanso wowongoka. Anatiuza kuti dokotala wa ku Lilongwe wafunsa chifukwa chake zakunyumba ndi zakuchipatala zikutsutsana chonchi, ndipo sangalamule mankhwala zinthu zisanamveke. Nthawi imeneyo mvula yoyamba inali itagwa, chimanga chitamera, ndipo kutchalitchi kwaya inali itayamba kale kuphunzira nyimbo za Khirisimasi. Bambo anali atakhala pabenchi la kumbuyo milungu yambiri, wina akuwerenga m'malo mwawo.

"Mwina foni yanu ili ndi vuto," adokotala anatero, "kapena mtsikanayu amaigwirako poyeza."

Ndinati, "Ayi, sindiigwira." Mawu anatuluka aang'ono kwambiri.

"Sindikukudzudzula, chemwali. Tachita pompano mmene umachitira kunyumba. Ine ndingokhala phee. Tenga foni yangayi, kuti tidziwe ngati vuto ndi foni."

Ndinatenga foni ija, ndinagwada monga ndimachitira ndikamapereka chinthu kwa bambo, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Iwo anaitenga ndi dzanja limodzi, osandiyang'ana n'komwe, monga amatengera kapu ya madzi, n'kugoneka dzanjalo pantchafu. Pakompyuta mzere unayamba kudumpha, mano a sowo aja.

Adokotala anati, "Aa!" Anadikira pang'ono, anatenga foni n'kuima patsogolo pa bambo. Ulendo uno sanatembenukire ku kompyuta. "Landirani, abambo."

Bambo anawerama pang'ono, natambasula manja onse awiri, lamanzere pansi pa lamanja, zala zitagwira pamfundo ya dzanja. Anatsitsira manja pantchafu ali chigwirire. Mzere unagona.

Amene anayamba kuseka ndi amayi. "Taonani bamboo! Akulandira Ukaristia!"

Adokotala anagwira pakamwa. Kenaka anaseka mpaka anakhala pampando. "Ine ndakulira ku Mayani," anatero, "ndipo nanenso ndimalandira chonchi kwa akuluakulu. Ndakhala ndikuziona ndi maso angawa osaziona." Inenso ndinali nditaziona tsiku loyamba lija, ndipo sindinaganizepo kanthu. Kodi munthu angadabwe kuona wina akulandira chinthu ndi manja awiri?

Bambo okha ndi amene sanamve chimene chikuseketsa. "Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe, abambo. Dzanja lamanzereli likutonthoza linzake, ndiye foni sikumva kanthu. Chotsani lamanzerelo, mulandire ndi limodzi."

"Limodzi? Kwa adokotala?"

"Eya. Lero mundichite mwano, ndapempha ndekha."

"Mayi, ine sindinaleredwe choncho."

Anayesa. Analandira ndi dzanja limodzi, koma adokotala asanabwerere pampando, lamanzere linali litakwawa kale n'kukagwira chigongono cha lamanja. Anayesanso, zomwezo. Amayi anati, "Bambo inu, kunyumba mumandilanda lichero ndi dzanja limodzi, lero mwakhala woyera?" Pomaliza adokotala anagamula kuti kuyambira tsiku limenelo, wopereka foni kwa bambo ndikhale ine, kaya kunyumba kaya kuchipatala. Ananenanso motsitsa, ngati akudziyankhulira, kuti pali agogo ena amene anawayeza m'mbuyomu, ndipo awaitanitsanso.

Yankho la ku Lilongwe silinachedwe. Dokotala wamkulu uja anaona mizere yonse, anaona kanema wa kayendedwe ka bambo amene adokotala athu anajambula, nayankhula nawo pafoni. Matendawa dzina lake ndi Pakinisoni. Adokotala athu anatifotokozera mosabisa kuti sachizika, ndipo amakula pang'onopang'ono, koma pali mapiritsi amene amafewetsa thupi ndi kuchepetsa manjenje. Anati muubongo muli timadzi tina tothandiza thupi kuyenda bwino, ndipo mwa bambo tikuchepa. Si mowa, si kulodzedwa, ndipo sapatsirana.

Amayi analira atamva zoti sachizika. Bambo anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye mwati si mowa?"

"Si mowa, abambo."

"Tanenaninso, mayi awa amve bwino, akakauze anzawo kuchitsime."

Atayamba mapiritsi, kuyeza kunapitirira, koma tsopano tinkayeza asanamwe ndiponso patapita kanthawi atamwa. Ndinkaona ndi maso anga mano a sowo aja akufupika. Zala zinkagogoda timabwalo tija mofulumirirapo. Mlungu wina mzere unaonetsa kuti mphamvu ya mankhwala ikutha dzuwa lisanapendeke, ndipo adokotala anasintha nthawi yomwera popanda ife kukwera minibasi. Mwezi winanso mapiritsi anasowa, thupi linaumanso, mpaka achimwene anawapeza ku Lilongwe. Sindikufuna kulemba ngati zonse zinakhala bwino. Mabatani a shati amawavutabe, ndipo masiku ena amadzuka thupi lili ngati thabwa.

Nthawi imeneyi ndi imene ndinayamba kukonda fizikisi. Aphunzitsi akajambula mafunde pabolodi, anzanga ankaona mizere chabe, ine ndinkaona dzanja la bambo. Ndimaganiza kuti amene anapanga pulogalamu ija sanaganize zoti kuli anthu amene salandira chinthu ndi dzanja limodzi. Ndikufuna ndidzaphunzire mpaka ndidzakhale pakati pa anthu opanga zinthu zoterezi, kuti podzapanga pakhale wina wodziwa kwathu.

Tsiku la msonkhano wa komiti, bambo anandiuza kuti nditenge foni tipite limodzi. Anthu a m'komiti anakhala pamabenchi panja pa tchalitchi, mapemphero atatha. Bambo sanayankhule zambiri. Anatchula dzina la matendawo, nalibwereza poti anthu linawavuta, kenaka anati, "Mwanawe, tawaonetsa." Ndinaonetsa mzere wa asanamwe mankhwala ndi wa atamwa. Foni inayenda m'manja mwa onse.

Atcheyamani anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Kodi kameneka kangandiyezenso ine?"

Ndinawayeza. Mzere wawo unali wowongoka bwinobwino. Mayi wina wa m'komiti, amene saopa munthu, anati, "Kakanakhala koyeza kachasu, atcheyamani, bwenzi simunapemphe." Anthu anaseka kwambiri, atcheyamani nawonso, ngakhale anaseka mochedwerapo. Phokoso litatha anatembenukira kwa bambo. "Achimwene, tinakulakwirani. Buku lija likukudikirani."

Mmisiri wina wa m'mudzi anakhoma kathebulo kopendekera kuti bambo aziikapo buku, asamaligwire m'manja. Lamulungu lotsatira anaimirira, anayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo, natsegula. Anayamba kuwerenga bwino, osaphonya liwu, koma mawu awo anali otsikabe. Mankhwala sanawabwezere mawu akale aja. Kumbuyo anthu anayamba kutchera makutu, ena kufunsana, ndipo ndinaopa kuti wina afuula kuti sitikumva.

Agogo ena aakazi amene amakhala pafupi ndi khomo anadzuka ndi ndodo yawo, nayenda mpaka kutsogolo, n'kukhala pansi pafupi ndi ana. Amayi awiri anawatsatira. Kenaka anyamata a kumbuyo ananyamula benchi lawo lonse n'kulisunthira kutsogolo, likukhulika pasimenti. Bambo anadikira mpaka onse atakhazikika, chala chili pamzere pamene analekezera, ndipo anapitiriza kuwerenga.