A Mervis ndi tsamba lonyowa

Mukafika ku Chimaliro n'kufunsa wokonza mafoni, akulozerani khonde la a Mervis. Mayiwa anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana, ndiye anakaphunzira za mawaya kwa alongo awo ku Limbe. Chida chawo ndi kachitsulo kowotcherera, kotchipa, kogula pa Boma. Kalibe pochepetsera moto. Ukakalumikiza ku magetsi kamangotentherabe, ukakalekerera kamapsereza ndi foni yomwe.

Nzeru anaitenga kumunda. Asanakhudze foni, amagunditsa kaye nsonga ya kachitsuloko pa tsamba lanthete la tiyi. Likachita banga lofiirira, moto uli bwino. Likabooka n'kuda, amazula pulagi, n'kugoneka kachitsuloko panjerwa, nsonga italoza kukhoma kuti mwana asaigwire.

Tsiku lina la chiperoni, kunja kukuwaza, kunafika a Lestina, anzawo amene ankathyola nawo mzere umodzi. Foni anaimanga pampango. Inali itasiya kutchaja, ndipo m'menemo munali mawu amene mwana wawo Malizani anawatumizira ali ku Joni, asanamwalire. Kwina kulikonse mawuwo kunalibe.

"Mervis iwe, ukaipha foniyi wandiphera mwana kachiwiri."

"M'malo mondiopseza, achemwali, kandithyolereni tsamba."

A Lestina anapita kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi lanthete lenileni, loti kapitawo sangalikane pa sikelo. A Mervis anali atatsegula kale foni. Kawaya ka potchajira kanali katamatuka, kochepa ngati tsitsi. Anagunditsa kachitsulo patsamba. Linangoti tswii, banga osaoneka.

"Sikanatenthe," anatero, n'kudikira. Anagunditsanso. Chimodzimodzi.

"Kodi udikira mpaka mvula ya chaka chamawa?" anatero a Lestina. "Wotcha!"

Dzanja linali litayamba kale kutsikira pafoni pamene a Mervis anamva kuzizira kuchala cha kumanzere. Dontho. Tsamba lija linali lonyowa ndi chiperoni, ndipo madzi ndiwo ankabisa moto. Analipukuta pachitenje n'kugunditsanso. Pompo bowo lakuda, kautsi tolotolo.

"Mukanadziphera nokha mwana, achemwali. Tiyi wonyowa n'ngonamizira sikelo, osati ine."

A Lestina anagwira pakamwa. A Mervis anazula pulagi, nagoneka kachitsulo panjerwa kuti kazizireko. Atayesanso pambali youma ya tsamba, banga linabwera lofiirira. Anasungunula kadontho ka mtovu, nkhope ataipatutsa ku utsi, n'kukhudza kawaya kaja kamodzi kokha.

Ataika tchaja, foni inaphethira. Patapita kanthawi a Lestina anadina, mawu a mnyamata n'kumveka pakhonde ponse: "Amayi, kuno kukuzizira. Mbuzi ija musagulitse, ndikubwera Disembala."

"Ndinagulitsa kalekale, iwe," anaiyankha foniyo a Lestina, n'kudinanso kuti ayambirenso.

A Mervis anatola tsamba lobooka lija, nalitaya pabwalo.