Setilaiti Ili Mbali ya Apongozi

Mwaswera bwanji abale.

Setilaiti yatsopano ija, yobweretsa makanale owala a HD, yatiputira nkhani kuno ku Lifidzi. Masana ano alamu, amuna ake a Rosa, anakwera padenga kuti atembenuze parabolika, mbale ya TV ija. Vuto n'loti setilaitiyo ili mbali ya khonde la amayi, apongozi awo, amene chikwatirire sanayang'anane nawo m'maso.

Amayi anali pakhondepo akusankha nyemba. Alamu ankapotoza mbaleyo chofulatira, nkhope ili kuphiri, sinali ya pa TV osabwera.

Titapempha amayi kuti alowe kaye m'nyumba, anakana. Akuti, "Ine kanale yanga ikuwala kale. Zaka zonsezi, lero ndiye ndawaona bwinobwino akamwini anga."

Tsono mukuti tisunthe amayi kapena setilaiti? Yankhani msanga, alamu akadali padenga.