Chikwama cha khungwa

Amayi anagwira pensulo koyamba ali ndi zidzukulu kale. Kusukulu sanapondeko. Nkhondo inawathamangitsa ku Mozambiki akadali mtsikana, ndipo atafika kuno ku Mulanje anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unakana. Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde, pafupi ndi msika wa Milonde, ndipo amayi ndimakhala nawo.

Tsiku lina ndili ku Limbe kokagula zipi ndi ulusi, ndinapeza buku pa kaunjika wa mabuku. Munali zithunzi za maluwa ndi masamba zopanda utoto, zoti munthu wamkulu azipaka yekha mitundu. Ndinaligula pamodzi ndi mapensulo ake kuti ndiziwoneramo maluwa opeta pa zovala. Amayi ataliwona anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi wamkulu ngati iwe wabwereranso ku nasale? Ndikuphikire phala la pa buleki?"

Sipanathe sabata, ndinapeza tsamba limodzi lopakidwa kale, ndipo sindinali ine. Pa nthambi iliyonse masamba awiri akunsonga anali obiriwira mopepuka, otsalawo obiriwira kwambiri. Nditawafunsa, sanakane n'komwe.

"Awa ndi othyola, awa ndi osiya," anatero akuloza ndi chala. "Wojambulayo tiyi samudziwa, ndamukonzera."

Kuyambira pamenepo bukulo linasiya kukhala langa. Ine ndikamapalasa makina, iwo amakhala pamkeka, miyendo tambalale, lilime lili panja pang'ono ngati mwana amene akusenda nzimbe. Ndinkasangalala kuwawona choncho, moti nthawi zina ndinkaimitsa makina n'kumangowayang'ana. Koma anali ndi manyazi nalo. Popita kokacheza ankalikulunga mu jumbo yakuda kuti anthu asaliwone, mapensulo n'kumaboola jumboyo. Lofiira linatayika choncho, ndipo anadandaula masiku awiri. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndiwasokera chikwama chenicheni.

Nsalu yake inabwera ndi msuweni wanga amene amachita geni kutsidya, ku Milanje. Inali kachidutswa kamodzi kokha, kofiirira, kofewa ngati chikopa, kokhala ndi timadontho. Anati kumeneko amaitcha kotisa, ndipo masiku ano anthu a m'tauni amakanganirana zikwama zake. Amayi anaisisita, anainunkhiza, anaiyamikira. Kenaka msuweni wanga, pakamwa pake posatseka paja, anawonjezera kuti si chikopa ayi, ndi khungwa la mtengo wa ku Ulaya, lomwe lija amatsekera mabotolo a vinyo.

Amayi anabweza dzanja ngati akhudza mbaula.

"Khungwa?"

"Eya, azakhali, khungwa lenileni."

"Ine ndinawoloka malire nditavala khungwa," anatero amayi. "Kapulana yanga, chitenje cha kwathu, inathera m'tchire. Tinkasenda mombo, kuusula, n'kumanga m'chiuno. Anthu akuno ankatuluka m'nyumba kudzatiwonerera. Ndiye lero mwana wanga andinyamulitse nyanda?"

Anatola buku lawo n'kulowa m'nyumba. Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Ndinakulira m'manja mwa mayi amene sankalola kuti tipite kutchalitchi ndi diresi losasita, ndipo ndinali ndisanadzifunsepo chifukwa chake. Ndinachita manyazi, komanso mtima unandipweteka. Koma ine ndine wamakani, ndinatengera komweko. Ndinati ndisokabe, akakana ndiye akane chinthu chotha.

M'mawa mwake ndinadula nsalu ija, ndinaibaya mapini m'mbali ndi pakati monga ndimachitira ndi chitenje, n'kuiika pa makina. Nditachotsa mapini, mabowo anatsala pompo, osatsekeka. Msoko nawo ndinauthinitsa kwambiri, moti nditakoka pang'ono, nsalu inang'ambika motsata ulusi ngati risiti. Ina yoti ndiyambirenso panalibe.

Amayi anali pamkeka, akupaka duwa lalikulu, akunamizira kuti sakundiwona. Koma ntchito yoipa iwo saipirira, kaya ndi ya ndani. Ndinamva pensulo laima.

"Iwe, khungwa salisoka choncho."

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana.

"Ukaliboola laboka basi, silibwerera ngati thonje. Siya mapini akowo. Tenga mapegi a pa chingwe ugwiritse m'mbalimo. Ndipo msoko uzitalikitsa, likhale ndi popumira. Telala wanji iwe?"

"Ndinaphunzira pa nsalu, amayi, osati pa mitengo."

"Ndiye sendera, uphunzire kwa eni ake."

Anadzuka, anakhala pa mpando wanga. Makina sadziwa kupalasa, choncho iwo ankagwira nsalu n'kumaiwongolera, ine ndikuzunguza gudumu ndi dzanja. Tinadula mbali yong'ambika, chikwama chinachepa pang'ono, koma buku linkalowabe. Tikusoka choncho anayamba kufotokoza okha, osafunsidwa: momwe amasankhira mtengo wosapindika, momwe amasulira khungwa pa chipika mpaka lifewe, ndi momwe nyanda imayabwira ikanyowa ndi mvula. Anandiwonetsa mmene ankayendera atavala, miyendo motalikana ngati bakha, ndipo tinaseka mpaka mayi wina amene anabwera kudzatenga siketi yake anafunsa ngati tamwa. Pakati pa kusekako amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ine ndinayang'ana ku singano.

Panatsala mabowo a mapini aja kutsogolo kwa chikwama. Amayi anatsegula buku, anasankha nthambi yawo ija, n'kunena kuti ndiipete pamenepo, ulusi uzidutsa m'mabowo momwemo. Mitundu anasankha okha. Masamba awiri akunsonga opepuka, enawo obiriwira kwambiri. M'kati ndinaikamo nsalu ya chitenje ndi timatumba ta mapensulo, ndipo m'kathumba kamodzi ndinalowetsamo pensulo lofiira latsopano.

Nditawapatsa sanathokoze. Anangochitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti lamba wake ndatalikitsa. Anakachiika m'chipinda, ndipo masiku atatu sindinachiwone. Ndinadziuza kuti basi, chathera m'sutikesi.

Lamulungu ndikutseka chitseko, ndinawawona ali kale panjira, chikwama chili paphewa, buku likusuzumira pamwamba poyera. Titatuluka m'tchalitchi amayi anzawo anawazungulira, aliyense akufuna kugwirako. Mmodzi, amene ankathyola nawo tiyi kale, anafunsa ngati ndi chikopa cha kunja.

"Chikopa chanji? Ndi nyanda iyi," anatero amayi mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Ndinabwera nayo m'chiuno ndikulira. Lero mwana wanga wandikoleka paphewa."

Kenaka anatulutsa buku lija n'kuyamba kuwawonetsa tsamba ndi tsamba, ine nditaima pambali ngati mlendo.