Phuma ndi Poto Womata

Woyesa mayeso uja anatafuna, kutafuna, kutafunanso. Kenako anatenga kapepala kopukutira pakamwa, n'kulavuliramo nyama ija mwaulemu. Mlongo wanga anangoima chilili, chipewa choyera kumutu, thukuta kamukamu. Aka kanali kachiwiri kulephera mayeso a zophikaphika, ndipo sukuluyo sinkalola kachitatu.

Inu amene mwagwapo kawiri pamalo amodzimodzi, nkhani iyi ndi yanu.

Kwathu timamutcha Phuma. Ndi wamng'ono kwa ine, koma ung'ono wake ndi wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Tiyi amamwa choimirira. Akakhala pampando mwendo umavina wokha. Kuphika amatha ndithu, koma akatereka poto amavundukula, kutakasa, kubaya ndi foloko, kukweza moto, kuvundukulanso. Nyama ya ng'ombe imatuluka ili gwa ngati chidendene cha nsapato.

Atalephera anadzakhala kwathu, m'kachipinda kosungira katundu. Miyezi isanu akuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Chisoni ndinkamumvera, koma ndisaname, ndinatopa naye. Amuna anga anam'pezera ntchito ya ulonda pafakitale ina, yokhala pampando pageti kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Phuma anati zikomo alamu, nkhope itagwa. Ine ndinachita mantha, chifukwa ndinadziwa kuti akakakhala pageti paja, zophika zathera pomwepo, ndipo mwini wakenso atha.

Ntchitoyo inali yoti ayambe pakatha masabata anayi.

Amene anatitsina khutu ndi bambo wa kubutchala kumene ndimagula nyama. Anati pali mayi wina wachikulire amene amaphikira anthu m'nyumba zawo akakhala ndi alendo, ndipo onse amangowatcha Mayi Mapoto. Manja awo anali atayamba kunjenjemera, choncho ankafuna wom'siyira mapoto ndi makasitomala. Anthu atatu anali atayesa kale, onse n'kubwezedwa. Phuma sanadikire kuti ndimalize kufotokoza, ndinangomva chitseko.

Tsiku loyamba Mayi Mapoto anam'patsa nyama ya kumwendo, yamitsempha ija, n'kukhala pakona kumamuonerera. Ola lisanathe Phuma anali atavundukula kasanu ndi kanayi.

"Mwana wanga," anatero mayiwo, "wataya chiyani m'potomo chimene ukufunafuna?"

Anamuuza kuti nyama yotereyi imafewa ndi nthunzi yake yomwe. Ukavundukula nthunzi imathawa, iwe n'kukweza moto, moto n'kuumitsa nyama. Zonsezi Phuma anali atazimva kale kusukulu.

"Ndikudziwa, amayi. Koma manjawa samva."

Mayi Mapoto sanalalikire. M'mawa mwake anamuuza akazinge nyama mpaka ifiire, athire anyezi, karoti, tomato ndi madzi pang'ono. Kenako anakanda ufa wa tirigu, n'kumata chivundikiro kuzungulira poto yense, osasiya mpata ngakhale wa singano. Poto analowa mu uvuni pamoto wochepa, kuti akhalemo maola atatu ndi theka. Phuma asanayambe kuvinavina, anam'kankhira beseni la nyama ya nkhosa yogaya.

"Manja osamvawo uwapatse ntchito."

Munali adyo, jinja, tsabola, sinamoni pang'ono, dzira ndi nyenyeswa za buledi zonyika mumkaka. Ankafuna timipira makumi asanu ndi limodzi, tofanana tonse, toumba ndi manja onyowa, mosafinya. Phuma anafinya. Tinatuluka tolimba toti n'kulasira mbalame, ndipo anauzidwa kuti ayambirenso.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Sabata yachiwiri, mayiwo atapita panja, mlongo wanga anatenga mpeni n'kuboola phula la ufa lija kuti angosuzumira. Anam'thamangitsa. M'mawa mwake potsegula chitseko anam'peza ataima pakhonde, akupondaponda. Kwathu nako tinadya timipira masabata atatu, mpaka ana anga anayamba kufunsa ngati nkhuku zinatha padziko.

Loweruka lomaliza, Mayi Mapoto anamutuma yekha kunyumba ya dokotala wa mano, mayi amene anaitana alendo khumi ndi awiri kudzadya masana. Anamuuza mosapsatira kuti dokotalayo akangoimba foni yodandaula, mapoto agulitsidwa. Lolemba lake linali la pageti.

Tsoka lake, dokotala uja analinso phuma wamkazi. Kulowa kukhitchini, kutuluka, kusuntha mbale, kulowanso. Alendo nawo anafika msanga. Poto womata satulutsa fungo kwenikweni, ndiye mayiyo ananunkhiza m'mwamba, osamva kanthu, mtima n'kuuluka. Anatola mpeni patebulo n'kulunjika ku uvuni.

Kunali kutatsala mphindi makumi anayi kuti nyama ipse. Timipira tinali taumbidwa kale, manja a Phuma alibe chogwira, ndipo iye mwini anali atapita kale pachitseko cha uvuni kasanu n'kubwerera. Anandiuza pambuyo pake kuti m'nyumba monsemo panalibe amene ankafuna kuboola poto uja kuposa iye. Koma anakaima pakati pa mayiyo ndi uvuni.

"Mayi, mukavundukula pano, alendo anu atafuna lamba."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti sizinapserere?"

"Sindikudziwa, mayi. Inenso ndikufunitsitsa kusuzumira."

Dokotala anaika mpeni pansi n'kutulutsa foni. Phuma anaona dzina la Mayi Mapoto likuwala pamenepo. Anatembenuka, kuponya timipira m'mafuta otentha, kutigubuduza mpaka kufiira, kuthira m'mbale yaikulu ndi msuzi wa yogati, n'kuika mbaleyo m'manja mwa mayiyo, pamwamba pa foni pomwepo.

"Pepani mayi, manja anu ali ngati anga. Kawapatseni alendo izi zisanazizire."

Mayiyo anamuyang'ana ngati amutukwane. Koma mbale inali yotentha, ndipo fungo la nkhosa ndi sinamoni linali litafika kale pabalaza, anthu akufunsa. Anapita. Kumeneko anam'gwira ndi macheza, wina kufunsa zimene zathiridwamo, wina kupempha kena. Pobwerera mbale inali mbee, nthawi itakwana.

Phuma ananyamula poto mpaka patebulo, n'kuswa ufa wouma uja alendo akuona, iyenso asakudziwa chimene apezemo. Nthunzi inakwera tolo. Apongozi a dokotala, mkulu wotsala ndi mano owerengeka, anagwiritsa supuni, nyama n'kupatuka yokha. Anadya osakweza mutu, n'kupereka mbale kuti awonjezeredwe.

Alendo atapita, Phuma akutsuka ziwiya, anamva dokotala akuimba foni ija. Sopo anam'pulumuka m'manja. Mayiyo anaika foni pokweza mawu uku akupukuta matambula, ndipo ankafunsa ngati bambo ophikawa angapezeke mwezi wamawa, poti mng'ono wake nayenso ali ndi alendo.

"Mukundifunsiranji ine?" anayankha Mayi Mapoto. "Afunseni eni ake. Mapotowo ndi awo."

Mlongo wanga analira, manja ali m'madzi a sopo. Ine pondiuza ndinaliranso, ndiye amuna anga anangotiyang'ana n'kupita kukaimbira a kufakitale kuti afune mlonda wina.

Papita zaka zisanu. Loweruka lake kuti mulipeze, muyenera kulankhula mwezi usanayambe. Koma ndisakunamizeni kuti Phuma anachira. Sanachire, ndipo sindikhulupirira kuti adzachira. Anangodziwa pomata ndi popereka manja.

Inunso mwina muli ndi kakhalidwe kamene kakugwetsani kawiri, ndipo abale anena mpaka malovu kuuma kuti musinthe. Mwayesa, zakanika, mwayamba kudziona ngati wotayika. Ayi, musadikire tsiku lodzabadwanso mwatsopano. Kakhalidwe kameneko kapezereni ntchito, ndipo muyambe lero lomwe. Osataya mtima, abale anga.