Ulusi Wakuda pa Mwendo wa Nkhunda

Seth Grimshaw ndi mwana wa a Enoch Grimshaw, oluka nsalu pa fakitale ya thonje ya kuno ku Harlebrook, ndi ine Tabitha amene ndikulemba izi. Anakwatira Ada, ndipo anandipatsa adzukulu atatu: Wilfred, Hilda ndi Norman. Onsewo miyendo anatengera bambo wawo, ndipo wotsutsa abwere adzatsutsire pakhomo panga.

Seth anayamba kumenya mpira asanadziwe kupenga mamina. Atalowa ntchito pafakitale, Loweruka likakwana ankatuluka thonje lili mbuu m'tsitsi, n'kuthamangira kubwalo osalawa kanthu. Ankasewera kutsogolo, chakumanja. Mpira wake unali uja wachikopa, wolemera ngati mwala ukanyowa, koma iye ankauyendetsa ngati wamangirira kuphazi.

M'chaka cha 1886, akuluakulu a timu ya tauni yathu anamuuza kuti asiye fakitale, azidya za mpira. Ine ndinavina m'khitchini. Bambo ake, mkulu wa mpingo, anangoika supuni pansi.

"Munthu wamkulu kulipidwa chifukwa chothamangitsa chikopa? Ndiye kuti ndinabereka galu."

"Galu wake wodya nyama tsiku lililonse, bambo," anatero Seth.

"Usandiyankhe. Phazi langa silidzaponda pabwalo limenelo, ndipo za mpira sindifuna kuzimva m'nyumba muno."

Anakhala choncho, nyumba imodzi, tebulo limodzi, moni wokhawokha. Chimene ndinkaopa ine n'chakuti mmodzi adzaikidwa m'manda asanayanjane.

A Enoch mtima wawo unali pa nkhunda za mpikisano zimene ankaweta kuseri kwa nyumba. Masiku amenewo timu ikapita kutali, nkhani inkabwera ndi nkhunda. Munthu ankainyamula m'kadengu, mpira ukatha n'kuimanga ulusi kumwendo, wofiira ngati tapambana, wakuda ngati tagonja. Pa masewera a chikho a m'Januwale, a Amos Pilling, oyandikana nafe nyumba, anabwera kudzabwereka nkhunda. Anapempha ine, poti ankadziwa kuti mwini wake awathamangitsa. Ndinawapatsa yaikazi yotuwa, yoposa zonse m'kholamo.

Loweruka madzulo msewu wonse unadzaza kuseri kwathu, makosi m'mwamba. A Enoch anali atawerenga kale nkhunda zawo, ndipo sanandilankhule chiyambire m'mawa. Kenaka nkhunda yotuwa ija inatulukira pamwamba pa chumuni cha fakitale, n'kutera padenga la khola. A Enoch anaigwira okha. Ulusi unali wakuda.

Anthu anabalalika ngati achoka pamaliro. Mayi wina, dzina ndalisunga, ananena mokweza kuti ndi mmene zimathera ukadalira anyamata olipidwa. Ndinamuuza kuti akaphike, mwamuna wake waonda.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza a Enoch akuvala chipewa cha kutchalitchi, chikhothi cha Seth chili pamkono.

"Mukupita kuti, bambo a Seth?"

"Kusiteshoni. Anthu awa amudya wamoyo. Wachokanso osavala chofunda, chitsiru chako chija."

"Lero ndi changa ndekha?"

"Tiye ngati ukubwera, mayi, usandichedwetse."

Tinaima pamphepo mpaka sitima inafika. Isanaime n'komwe tinamva nyimbo. Mitu inali itatuluka m'mawindo, zipewa zikuuluka, wina akuomba belu la ng'ombe. Woyamba kutsika anali a Amos, kadengu kali pamutu.

"Tapambana, achimwene! Ziwiri kwa chimodzi, zonse wagoletsa ndi mwana wanu!"

"Nanga ulusi wakuda uja?"

"Kumada, achimwene. Inu mukudziwa nkhunda siuluka mumdima. Ndinaona tikugonja, nthawi yatsala pang'ono, ndinati mbalame ya eni ingagone m'tchire. Ndangoitaya m'mwamba chonchi, Seth uyo wadutsa anthu atatu, chigoli. Sindinakhale pansi n'komwe, china ndi mutu. Ndinaikuwira kuti ibwerere, koma nkhunda zanu n'zosamva ngati mwini wake."

Ine ndinalira, ndinaseka, ndinamenya a Amos ndi ambulera. Tauni yonse imene inapita kukalira inabwerera ikuthamanga. Anamunyamula Seth pamapewa, matope ali m'maondo, diso limodzi litatupa, wokongola ngati tsiku limene ndinamubereka.

Ali m'mwambamo anawaona bambo ake. Ndikudziwa kuti anawaona, chifukwa kuseka kunamuthera pakamwa. Akanati "nditsitseni", akanamutsitsa. Gulu linamutenga kupita naye kumowa, ndipo a Enoch anandipatsira chikhothi chija, n'kubwerera kunyumba okha.

Seth anasewera zaka zina zisanu ndi zinayi. Matimu akuluakulu anamufuna, iye anakana kuchoka kwawo. Bondo litamuthera anatsegula kasitolo ka fodya ndi nyuzipepala pafupi ndi bwalo, ndipo mpaka lero amuna amagula machesi amene sakuwafuna kuti angomugwira chanza.

Awiriwa tsopano amalankhulana. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi amakhala m'khola muja, nkhani ili ya nkhunda, chimanga chake, nthenga zake. Za kusiteshoni palibe anazitchulapo. A Enoch maso ayamba kuchita khungu, ndipo makwerero amakwera mopumira. Ndinamukokera Seth pambali mwezi wathawu.

"Bambo ako anaima pamphepo chifukwa cha iwe, tsiku limene ankayesa kuti tauni yonse yakutaya. Zikomo wawo ali kuti?"

"Ndidzanena, amayi."

"Liti? Pamanda?"

"Mawu ake sindiwapeza. Ndidzanena."

Lamulungu lapitali anakhalanso m'kholamo mpaka tiyi anazizira. Ndinaima pakhomo kumvetsera. Ankakangana za nkhunda yopunduka phiko.