Mayi Dora ndi Mgonero wa pa Sipuni

Mayi Dora Kachingwe, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Ntchisi m'banja la alimi a fodya. Anabatizidwa ali mtsikana, nakwatiwa ndi a Leonard, mlangizi wa zaulimi, ndipo boma litawatumiza kuno ku Mhuju anabwera limodzi. Amuna awo atamwalira, abale anawaitana kuti abwerere kwawo, koma iwo anati, "Mpingo wanga uli kuno." Chitumbuka ankachipotoza mpaka ana kugwa ndi phwete, koma pakhomo pa wodwala sankapaphonya.

Mu 1991 Kezia, mtsikana wa m'kwaya yathu, anabwerako ku Mzuzu atawonda, m'kamwa ndi kukhosi kutayera ngati chambiko. Kuchipatala anamupatsa mankhwala opaka pa zilonda otchedwa jiivi. Poyamba zilondazo zinkamva mankhwalawo, kenako zinaleka. Anasintha mankhwala, koma ayi ndithu. Dokotala anati thupi latha mphamvu yodziteteza ndipo tizilomboto tazolowera mankhwala. Mayi Dora ankamupakabe m'mawa ndi madzulo, zala zili bii. Nanga enafe tinali kuti? Kunong'onezana za "matenda aja" kuseri kwa tchalitchi, basi!

Kezia anapempha chinthu chimodzi chokha: kudya Mgonero asanafe. Abusa anabwera ndi mkulu wa mpingo, a Manase, koma mkate unakana kudutsa pakhosi. Mtsikanayo analira, ndipo mayi Dora mtima unawapweteka. Anatenga sipuni ya phala, nanyenyera mkatewo m'vinyo kuti ufewe.

"Amama, chonde, si mwambo wathu umenewo," anatero a Manase. "Mkate pawokha, vinyo payekha."

"Abambo, mwanayu akupita, inu muli pa mwambo?" anayankha mayi Dora. "Ambuye anati tengani, idyani. Sanati tafunani."

Abale inu, mpaka kukangana pamutu pa munthu amene akutsirizika! Abusa analandira sipuniyo namumwetsa okha. Kezia anameza, nati, "Yewo, amama." Anamwalira sabata yomweyo.

Nkhaniyi inakafika ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo, ndipo wodzudzulidwa anali mayi Dora. Tangoganizani! Iwo anapitiriza kuyendera odwala mpaka miyendo inawakana, ndipo anagona mwamtendere Lamulungu masana, nyimbo za m'tchalitchi zikumveka pawindo.

Pamaliro tonse tinawatamanda, ena mpaka misozi. Zikomo kwambiri. Koma mkazi wa a Elias, a mumpingo mwathu momwe muno, akudwala chimodzimodzi, ngakhale madzi sakumeza, ndipo mwa ife tonse palibe amene walowamo m'nyumba imeneyo.