Ababa achita azana popanda sipika

Salaam nonse.

Magetsi azima masana ano nthawi ya azana, yoitanira anthu kumapemphero, sipika ya kumzikiti kuno ku Lifuwu yangoti zii. Anyamata akungoyang'anizana, basi ababa aimirira.

Mukudziwa kuti chidwalireni korona mapapo awo sanabwerere mwakale, kungoyenda pang'ono befu. Ndawagwira mkono, iwo akuti, "Ndisiye iwe. Nthawi ya chipani chimodzi kunalibe sipika kuno, ndinkamveka mpaka kuminda ya mpunga."

Achita azana yonse atatsamira chitseko. Amaima kukoka mpweya, m'chifuwa mukulira, koma sanadumphe liwu. Amayi awamva ali kunyumba, mpaka misozi.

Pano akufuna kubwereza Lachisanu, amayi akukana. Inu mukuti bwanji? Wofuna kuwaletsa awaimbire yekha foni. Ine sindingathe, ndinawamva.